Kababu kofiira ka batire si kokongoletsa

Oyendetsa galimoto ambiri kuno ku Chipata amati kababu kofiira ka batire pa dashibodi ya Land Rover yakale kapena Peugeot 504 kakapsa palibe vuto. Vuto lilipo ndithu. Pa galimoto zambiri zakale, magetsi oyamba odzutsa alternator, makina otchaja batire, amadutsa m'kababu komweko. Kakapsa, alternator imayamba kutchaja pokhapokha mwaponda mafuta kwambiri, mwina osatchaja n'komwe, batire n'kukutherani pa msewu wa ku Lundazi.

Mukatembenuza kiyi kababuko kaziyaka, injini ikalira kazizima. Ngati sikakuyaka, ikani kena ka 12V, 2W, ka waya m'kati. LED ayi, imakoka magetsi ochepa moti alternator siidzuka. Kenako yezani pa batire injini ikulira: mita yoyezera magetsi iwerenge pakati pa 13.8V ndi 14.4V.