Kulirira Mulungu m'chizungu: mkangano wakale wa alakatuli a ku India

Ndakatulo zachikondi za ku India zolembedwa m'chingerezi zimakusokoneza ukamaziwerenga koyamba. Mayi akulira mwamuna amene sanabwere usiku, mphasa yazizira, nde ukafika kumapeto ukungozindikira kuti bambo akuliridwawo ndi mulungu Krishna. Izi sizinayambe dzulo ayi. Gwero lake ndi chomwe iwo amati bhakti, kupembedza kokhala ngati chibwenzi, komwe kunayambira kummwera kwa a Tamil zaka zoposa 1,000 zapitazo. Andal, mtsikana wa ku Tamil komweko, ankaimba kuti sakwatiwa ndi munthu wina aliyense koma mulungu Vishnu basi. M'zaka za m'ma 1100 kunali Akka Mahadevi wa ku Karnataka, nkhani zake zimati anasiya banja ndi zovala zomwe n'kumayenda tsitsi lokha litamuphimba, akuitana mulungu Shiva kuti mwamuna wanga. Mirabai wa m'banja lachifumu ku Rajasthan m'ma 1500 nayenso anadana ndi akuchimuna chifukwa choimbira mulungu Krishna pagulu. Chachikulu apa n'chakuti onsewa sankaimba m'Sanskrit, chilankhulo cha ansembe, ankaimba m'chilankhulo cha pakhomo choti wogulitsa masamba pamsika amve.

Chingerezi chinabwera ndi atsamunda, makamaka kuyambira 1835 pomwe Macaulay, mmodzi wa akuluakulu a boma la atsamunda a ku Britain, anakakamira kuti ndalama za boma zipite ku maphunziro achizungu. Mlakatuli Rabindranath Tagore anamasulira yekha nyimbo zake zachi Bengali, buku la Gitanjali likutuluka ku London mu 1912, chaka chotsatira mphoto ya Nobel ili m'manja. Ambiri anayamba kumutsanzira, koma zotsanzirazo mmm, chingerezi cha m'tchalitchi chakale chija, maluwa ndi mwezi tho, moto wa Mirabai mulibemo.

Mpungwepungwe weniweni unabuka mu 1963. Buddhadeva Bose, mlakatuli wamkulu wachi Bengali, analemba kuti ndakatulo za amwenye m'chingerezi ndi kanjira kotsekeka kosafika kulikonse, kodzaza timashopu togulitsa ziboliboli kwa alendo. Zinamuwawa kwambiri P. Lal, mphunzitsi wa ku Calcutta amene mu 1958 iye ndi anzake anayambitsa Writers Workshop, kakampani kosindikiza mabuku kapanyumba, mabuku ake ankawakuta ndi nsalu ya sari yoluka pamanja, mitu yake akulemba yekha ndi cholembera. Lal sanangokhala, anatumiza mafunso kwa alakatuli ambirimbiri kuti ayankhe Bose, mayankhowo n'kuwaika m'buku lalikulu la ndakatulo la 1969.

Kwa ine yankho logwira mtima linali litabwera kale mu 1965 kuchokera kwa Kamala Das wa ku Kerala. M'ndakatulo ina anadandaula za abale ndi anzake omuletsa kulemba chingerezi eti si chilankhulo cha amake, iye n'kuwauza kuti chilankhulo chimene akulankhula chimasanduka chake, ndi kupindika kwake komwe. Mayiyu ankalemba za thupi, za banja losakoma, za Radha, wokondedwa wa Krishna, kufunafuna mulunguyo mwa amuna wamba, mosabisa mawu mpaka anthu kumunena. Mu 1999 analowa Chisilamu n'kutenga dzina loti Kamala Surayya, anamwalira mu 2009.

Bose sikuti ankanama zonse, zambiri za nthawi imeneyo zinalidi ziboliboli. Chinasintha zinthu ndi kumasulira. Mlakatuli A. K. Ramanujan ali ku Chicago anatulutsa Speaking of Siva mu 1973, nyimbo za Akka Mahadevi ndi anzake m'chingerezi chachidule chopanda zokometsera, achinyamata n'kuona kuti kani agogo aja ankalankhula mwachindunji chonchi. Mu 1976 Arun Kolatkar anatulutsa buku la ndakatulo la Jejuri, ulendo wa pabasi wa tsiku limodzi kupita ku kachisi wa mulungu Khandoba kufupi ndi mzinda wa Pune, munthu wokayika akuyang'ana Mulungu pakati pa miyala, galu ndi ana ake atagona m'kachisi wogumuka, gogo wina akumugwira malaya kupempha kandalama ka 50 paise.

Mzere umenewu ukupitirirabe ndi anthu ngati Arundhathi Subramaniam, amene buku lake When God is a Traveller linalandira mphoto mu 2020 kuchokera ku Sahitya Akademi, bungwe la dziko la India loona za zolembalemba, lomwe limawerengera chingerezi pamodzi ndi Bengali ya Bose ngati chimodzi mwa zilankhulo 24 zolandirira mphoto zake.