Masingano a ku China amathandiza pati, nanga amalekera pati?

Mayi wina amene ndakhala ndikuwathandiza msana kwa miyezi inayi anafika tsiku lina ndi kapepala kopindapinda kamene anapatsidwa m'tauni. Panali chithunzi cha munthu atagona chafufumimba, timasingano tili ndandanda kumsana, ndipo m'munsi mwake analembamo matenda ambirimbiri: msana, shuga, BP, kusabereka, sitiroko, mpaka khansa. "Adokotala, zimenezi n'zoona? Ndikayese?" Ambiri akufunsa funso lomweli, ndipo yankho lake silikwana mawu amodzi.

Njirayi imatchedwa acupuncture. Singano zake n'zowonda ngati tsitsi, zilibe bowo ndipo mulibe mankhwala monga mu jakisoni. Amazibaya pamalo osankhidwa n'kuzisiya mphindi 20 kapena 30. Munthu amamva kulasa pang'ono, kenako kadzanzi kapena kulemera pamalopo. Buku lakale la ku China lotchedwa Huangdi Neijing, la zaka zoposa 2,000, limati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi kudzera m'misewu ikuluikulu 12, ndipo matenda amabwera mphamvuyo ikatsekeka. Misewu imeneyi palibe anaionapo pong'amba thupi. Zimene kafukufuku akuonetsa n'zakuti singanoyo imatakasa mitsempha, ndipo thupi limatulutsa timadzi take take toziziritsa ululu.

Pa nkhani ya ululu ndi pamene pali umboni womveka. Ku Germany anachita kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Anatenga anthu 1,162 odwala msana wa mgonagona n'kuwagawa patatu. Ena anabayidwa pamalo enieni monga amanenera mabuku a ku China, ena anabayidwa pamwambamwamba pamalo osayenera, ndipo otsalawo anapitiriza mankhwala ndi mafizo monga mwa masiku onse. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, pa anthu 100 alionse, pafupifupi 48 a gulu loyamba anapeza bwino, 44 a gulu lachiwiri, ndipo a gulu lachitatu anali 27 okha.

Taonani manambalawo kawiri. Singano zinaposa chithandizo cha masiku onse, zimenezo n'zosatsutsika. Koma kubaya pamalo "olondola" sikunasiyane kwenikweni ndi kubaya pena paliponse. Ine ndimaona kuti mbali yaikulu ya mpumulowo imachokera pa kugona phee theka la ola, kugwiridwa ndi munthu amene akukumvetsera, ndi chiyembekezo choti upeza bwino. Sindikunyoza zimenezi, poti ululu ukachepa wachepa ndithu, ndipo munthu amagona tulo. N'chifukwa chake akatswiri sagwirizana: ku Germany inshuwalansi imalipira acupuncture ya msana ndi nyamakazi ya m'mawondo, pomwe ku Britain bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zachipatala, linanena mu 2016 kuti isamaperekedwe pa msana, koma limailola popewa mutu waching'alang'ala mankhwala ena akakanika.

Imathandizakonso pa nseru, makamaka ya pambuyo pa opareshoni. Malo ake ali mkati mwa mkono, zala zitatu kuchokera pamene dzanja lapindikira, pakati pa mitsempha iwiri yolimba ija. Ena amangosindikizapo ndi chala.

Zina zonse za pakapepala kaja ndinazikana. Singano sichotsa shuga, sichiza khansa, sipha kachilombo ka HIV, ndipo siitsegula machubu otsekeka a mayi amene akufuna mwana. Chimene chimandiwawa mtima n'kuona munthu atasiya mapiritsi a BP chifukwa walipira ndalama zambiri kwina, n'kubwera atafa ziwalo mbali imodzi.

Nanga zitsamba za ku China? Apa pali nkhani imene imatikhudza tonse. Mu 1967 boma la China linayambitsa ntchito yofufuza mankhwala a malungo. Mayi Tu Youyou ndi anzawo anasanthula mabuku akale mpaka anapeza zimene analemba Ge Hong zaka zoposa 1,600 zapitazo, zoti chitsamba cha qinghao achiviike m'madzi n'kufinya. Anazindikira kuti kuwiritsa kumapha mphamvu yake, ndiye anayamba kuitulutsa popanda moto wambiri. Mmenemo ndi mmene munachokera mankhwala a malungo otchedwa artemisinin. LA amene timamwa kuno ku Malawi kuyambira 2007 ali ndi artemether, wopangidwa kuchokera ku artemisinin yemweyo, ndipo mayiwo analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Komatu chitsambacho chinasanduka mankhwala atachiyeza, n'kudziwa mlingo wake, n'kuchiphatikiza ndi mankhwala achiwiri. Tiyi wa masamba ake alibe mlingo wodziwika; akhoza kungofooketsa tizilombo osatimaliza, ndipo bungwe la WHO sililola kuti azichizira malungo.

Nkhani ina ndi yomvetsa chisoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Belgium, amayi oposa 100 amene ankamwa makapisozi ochepetsa thupi anawonongeka impso, chifukwa munalowa chitsamba chotchedwa Aristolochia m'malo mwa china cha dzina lofanana nacho. Ambiri anathera pa makina otsuka magazi kapena kuikidwa impso zina, ndipo ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Ku America analetsa mu 2004 mankhwala ochepetsa thupi okhala ndi chitsamba chotchedwa ma huang chifukwa ankakweza BP n'kuyambitsa matenda a mtima ndi sitiroko. Mawu akuti "n'zachilengedwe" sateteza impso za munthu. Botolo lolembedwa zilembo zimene simungawerenge, lopanda kunena zili m'katimo, lisiyeni pomwepo, makamaka ngati muli oyembekezera, muli pa ma ARV kapena mumamwa mankhwala osungunula magazi.

Mayi aja ndinawauza kuti ngati thumba likulola akayese singanozo, koma mafizo asasiye. Ndinawapempha kuti akaonetsetse kuti singano akuzitulutsa m'paketi yomata iwo akuona, ndipo zikatha ntchito zikutayidwa, chifukwa singano yobwereza imafalitsa HIV ndi hepatitis B monga mmene limachitira lumo lotemera mphini anthu angapo. Akafunsenso komwe wobayayo anaphunzira, poti singano yolowa kwambiri pachifuwa kapena kumtunda kwa msana imatha kuboola mapapo. Akapita maulendo asanu ndi limodzi osamva kusintha, asawonjezere ndalama. Ndipo miyendo ikayamba kufooka, mkodzo ukamavuta kugwira, kapena akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, abwere kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa msana wotero ukhoza kukhala TB ya m'mafupa kapena mtsempha wopanikizika.