Miyendo yatupa koma BP ili bwino: vuto lingakhale m'mapapo

Mwezi wa Julayi, kuzizira kutafika pachimake kuno ku Dedza, kunabwera mayi wina wachikulire wochokera cha ku Bembeke, atamuperekeza mwana wake wamkazi. "Adokotala, BP anandiyeza, akuti ili bwino. Nanga miyendoyi ikutupiranji?" Nditadina pamsongolo ndi chala, panatsala kadzenje. Kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni m'magazi kanaonetsa 86, pomwe munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Chifuwa anali nacho kwa zaka zambiri, koma ankangochitenga ngati cha ukalamba.

BP imene timayeza pamkono sitiuza kanthu za magazi a m'mapapo. Magazi amenewa ali ndi njira yawoyawo, yochokera kumbali yakumanja ya mtima. Mitsempha ya kumeneko ili ndi khalidwe lodabwitsa: okosijeni akachepa imafinyika, pamene mitsempha ina ya m'thupi imatseguka. Akatswiri awiri a ku Sweden, von Euler ndi Liljestrand, analongosola zimenezi mu 1946. Pachiyambi n'zothandiza ndithu, chifukwa magazi amapatutsidwa kuchoka kumene phapo likudwala kupita kumene kuli mpweya. Koma mapapo onse akamasowa mpweya chaka ndi chaka, mitsempha yonse imafinyika, ndipo mtima umakankha magazi ngati munthu wokankha wilibala yodzadza mbatatesi pachitunda.

Pali timapuloteni ting'onoting'ono timene timalamulira kufinyika kumeneku. Koopsa kwambiri ndi endothelin-1, kamene Masashi Yanagisawa ndi anzake anakapeza ku Japan mu 1988. Kamapangidwa ndi kachikopa ka m'kati mwa mtsempha, ndipo okosijeni akachepa kamachuluka. Sikangofinya chabe ayi. Kamachititsanso kuti khoma la mtsempha likhuthale, njira ya magazi n'kucheperachepera. Apa ndi pamene ine ndimada nkhawa, chifukwa mtsempha wofinyika ukhoza kumasuka, koma wokhuthala subwerera msanga mwakale. Kapuloteni kena kotchedwa angiotensin II nakonso kamawonjezera moto.

Mtima sungokhala chete. Ukatamuka chifukwa cha katundu wolemerayo, umatulutsa timapuloteni take totchedwa ANP ndi BNP, tomasula mitsempha ndi kuuza impso kuti zitaye mchere ndi madzi. N'chifukwa chake BNP ikakwera m'magazi timadziwa kuti mtima uli pamavuto. Kungoti mpweya ukapitiriza kusowa, mbali yofinya ija ndiyo imapambana. Mtima wakumanja umatopa, magazi amabwerera m'mbuyo, mitsempha ya pakhosi imatukumuka, chiwindi chimatupa, kenako miyendo.

Alipo mankhwala otchinga endothelin, monga bosentan, ndipo amathandiza pa mitundu ina ya matendawa a kukwera kwa BP ya m'mapapo. Koma kwa munthu amene mapapo ake anawonongeka ndi utsi, mankhwalawa sathandiza, mwinanso amatsitsa okosijeni m'magazi. Chofunika ndi kuthana ndi gwero: kupereka okosijeni, kuchiza chifuwa, kumaliza mankhwala a chifuwa chachikulu, kusiya fodya. Mapilitsi okodzetsa amaphwetsa miyendo, koma sakonza mapapo.

Ena amandifunsa ngati vuto ndi kukwera kwa dera lathu, poti tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Kwa munthu wa mapapo abwino, kukwera kumeneku pakokha sikudwalitsa. Chimene chimandipweteka mtima ndi utsi. Kukazizira timatseka zitseko ndi mawindo n'kumawotha moto wa nkhuni zosauma bwino, ndipo amayi athu akhala akuupuma utsi umenewu m'khitchini kuyambira ali atsikana.

Mayi uja tinamugoneka n'kumuika pa okosijeni. Potuluka ndinakhala pansi ndi mwana wake, tinagwirizana zoboola zenera lina m'khitchini, kuumitsa nkhuni, kupeza chitetezo mbaula, ndiponso kuti amayiwo asamagonenso m'nyumba muli moto. Ndinamupemphanso kuti nayenso ayezetse, poti wakulira pa mafuwa omwewo.