Chiphaso cha mfuti chimene chimathera pa mlatho

Mu October 2013 wapolisi wa ku New Jersey, chigawo cha ku America, anaimitsa galimoto m'dera la Atlantic County chifukwa cha kayendetsedwe. Dalaivala anali mayi wa ana awiri wochokera ku Philadelphia, mzinda wa m'chigawo cha Pennsylvania. Mayiyo ananena yekha kuti ali ndi mfuti yaing'ono m'galimotomo, ndipo chiphaso chake chochokera ku Pennsylvania anali nacho. Laisensi yoyendetsera galimoto wapolisiyo sanaikane, koma chiphaso cha mfuticho kumeneko chinali ngati pepala lokulungira mandasi. Anamumanga, ndipo lamulo la ku New Jersey linkamulozera kundende kwa zaka zitatu ndi theka. Anthu atachita phokoso mlandu unafewa, kenako mu April 2015 bwanamkubwa wa New Jersey, Chris Christie, anamukhululukira.

Pakati pa Philadelphia ndi New Jersey pali mtsinje wa Delaware ndi milatho basi. Koma ku America chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi malamulo akeake okhudza kuyenda ndi mfuti yobisa m'zovala, ndipo palibe chimene chimakakamiza chigawo china kulemekeza chiphaso cha chinzake. Zimachita kugwirizana pazokha, zina polemberana mapangano, zina pongolengeza mayina a zigawo zimene zikuzivomereza.

Kale kubisa chida kunali chamanyazi. Munthu wachilungamo ankanyamula mfuti yake poyera; wobisa ankamuyesa chigawenga chofuna kudzidzimutsa mnzake. Kentucky ndi Louisiana analetsa zida zobisa mu 1813, ndipo mu 1846 khoti lalikulu la ku Georgia linagamula kuti boma lingaletse kubisa koma osati kunyamula poyera. Kenako kunabwera ziphaso. Lamulo la Sullivan la ku New York, la mu 1911, linapatsa akuluakulu mphamvu yosankha woyenera kulandira, ndipo m'madera ambiri munthu wamba sankachiona n'komwe chiphasocho.

Zinthu zinatembenuka mu 1987, pamene Florida inakhazikitsa lamulo loti aliyense amene wakwanitsa zofunika, monga msinkhu, maphunziro a kagwiritsidwe ka mfuti ndi kusakhala ndi mbiri ya milandu ikuluikulu, apatsidwe chiphaso popanda kufunsidwa kuti mfutiyo ndi yachiyani. Bungwe lomenyera ufulu wokhala ndi mfuti la NRA, kudzera mwa womenyera mfundo zake ku Florida, Marion Hammer, ndilo linakankha kwambiri, ndipo zigawo zambiri zinatengera. Chomwe chinadzautsa mapiri pachigwa n'chakuti Florida imapereka chiphasochi ngakhale kwa munthu wokhala kwina. Ungotumiza fomu, chithunzi, zidindo za zala ndi ndalama, chiphaso chibwera pa positi. Chodabwitsa, ofesi imene imapereka masiku ano ndi ya zaulimi.

Utah inachita chimodzimodzi, mwina kuposa. Chiphaso chake chinali chotsika mtengo, chovomerezeka m'zigawo zoposa 30, ndipo maphunziro ake safuna kuti wophunzira awombe chipolopolo ngakhale chimodzi. Aphunzitsi ovomerezedwa ndi Utah ankachititsa makalasi a maola ochepa m'zigawo zakutali, mpaka zinafika poti ziphaso zambiri za Utah zinali m'matumba mwa anthu osakhala ku Utah. Nevada inasiya kuchivomereza mu 2009, New Mexico mu 2010. Mu 2011 Utah inadzikonza pang'ono: ngati kwanu amavomereza chiphaso cha Utah, uyambe watenga cha kwanuko.

Apa ndi pamene pagona mkangano weniweni, ndipo ine ndimaona kuti mbali yodandaula ili ndi mfundo. Tiyerekeze munthu wa ku Philadelphia amene apolisi akwawo amukaniza chiphaso chifukwa akudziwa khalidwe lake. Iye analembera ku Florida, komwe samudziwa, n'kulandira. Popeza Pennsylvania inali pa mgwirizano ndi Florida, ankayenda ndi mfuti m'misewu yomweyo ya apolisi amene anamukaniza. Mgwirizano umene unapangidwira alendo unasanduka khomo lakuseri la eni mudzi. Mu February 2013 loya wamkulu wa boma la Pennsylvania, Kathleen Kane, anatseka khomolo: chiphaso cha Florida chigwire ntchito pokhapokha mwini wake akukhaladi ku Florida. Colorado inali itachita kale zimenezi mu 2007. Michigan nayonso imayang'ana kumene munthu amakhala, osati dzina la chigawo pa khadi lokha. Choncho anthu awiri angakhale ndi makhadi ofanana ndendende, wina n'kudutsa, wina n'kugona m'chitokosi.

Komatu si onse otenga chiphaso cha kwina amene akuzemba. Ku Vermont, chigamulo cha khoti cha mu 1903 chinachititsa kuti chiphaso chisafunike, ndipo boma la kumeneko silipereka n'komwe. Munthu wa ku Vermont akafuna kuyenda ndi mfuti kunja kwa chigawo chake alibe pepala la kwawo loonetsa, ndiye amakatenga la kwina, lomwelo limene zigawo zina zimalikana poti sakhala kumene analitenga. Anthu a ku New York kapena New Jersey, komwe chiphaso chinali chosowa ngati mano a nkhuku, nawonso ankadalira Utah ndi Florida akakhala pa ulendo.

Mapanganowa amasinthanso ndi mphepo ya ndale. Mu December 2015 loya wamkulu wa boma la Virginia, Mark Herring, analengeza kuti asiya kuvomereza ziphaso za zigawo 25. Pasanathe miyezi itatu bwanamkubwa Terry McAuliffe, wa chipani chake chomwe cha Democratic, anagwirizana ndi a chipani cha Republican, ndipo Virginia inayamba kuvomereza ziphaso za zigawo zonse.

Ku Washington, likulu la dzikolo, ayesapo kangapo kuika lamulo limodzi la dziko lonse. Mu 2009 ganizo la seneta John Thune linapeza mavoti 58 ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, pamene pankafunika 60. Mu December 2017 bilu ya phungu Richard Hudson inadutsa ku House, nyumba inayo, ndi mavoti 231 kwa 198, n'kukafera ku Senate. Ochirikiza amati ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko suthera pa malire a chigawo. Otsutsa amati lamulo lotere lingachititse kuti chigawo chofewa kwambiri chizilamulira zonse. Amene anapatsidwa kale mwayi wodumpha malire ndi apolisi, ogwira ntchito ndi opuma omwe, mu 2004.

Chigamulo cha khoti lalikulu la dziko lonse pa mlandu wa Bruen, cha mu June 2022, chinathetsa zoti munthu azifotokoza chifukwa chapadera asanalandire chiphaso, koma sichinalamule New York kapena New Jersey kulemekeza makhadi a kwina. Pofika 2024 zigawo 29 zinali zitasiya kufuna chiphaso, komabe anthu akumeneko amachitengabe chifukwa cha maulendo. Wodutsa m'chigawo chimene sichivomereza khadi lake watsala ndi lamulo la mu 1986: achotse zipolopolo, mfutiyo aitsekere kubuti komwe dzanja silingafike, ndipo komwe wachokera ndi komwe akupita kukhale kololedwa kukhala nayo.