Ululu wosatha kwa munthu amene wasiya mowa kapena mapiritsi oledzeretsa

Bambo wina wa kabaza anabwera kudzaonana nane atatha miyezi 5 osalawa kachasu. Msana unkamupweteka chigwereni panjinga zaka 3 zapitazo. Atangokhala pansi anati, "Adokotala, za mankhwala ayi. Mungondiuza ngati msanawu ndidzafe nawo." Kunyumba anali atamuuza kuti piritsi lililonse lidzamubwezera kumowa, ndipo iye anamvera. Tulo ankangotilawa, akadzuka thupi lonse lophwanya. Kenaka anaulula chimene chinamubweretsa: madzulo ena podutsa pashabini, miyendo yake inayamba kuyenda pang'onopang'ono yokha.

Achibale ake ankamufunira zabwino, koma apa anaphonya. Munthu amene wasiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ululu wosasamalidwa ndiwo umamukokera msanga kumene anachoka, chifukwa iye akudziwa kale chinthu chimene chimauziziritsa pa mphindi zochepa. Kumuuza kuti angopirira sikumuteteza ayi.

Ife azachipatala timati ululu ndi wokhalitsa ukapitirira miyezi 3. Pofika pamenepo nthawi zambiri bala loyamba limakhala litapola, koma mitsempha yotumiza uthenga wa kuwawa ku ubongo imakhala itazolowera kukuwa. Zili ngati galu amene anaona wakuba kamodzi, tsopano amauwa ngakhale tsamba la mango likagwa padenga. Ululuwo ndi weniweni, sikunamizira, ngakhale ekisilei isaonetse kanthu. Mowa unkangomutseka pakamwa galuyo kwa maola ochepa. Mankhwala a gulu la morphine, monga tramadol, codeine ndi pethidine, amachita zoposa apo: munthu akawamwa nthawi yaitali, amatha kupangitsa mitsempha kumva kuwawa kwambiri kuposa kale. Ndiye munthu akasiya, masabata oyamba ululu umakwera, tulo timasowa, mtima sukhazikika. Ambiri amaganiza kuti matenda akula. Kawirikawiri ndi thupi likuphunziranso kukhala palokha, ndipo zimenezi zimazirala pang'onopang'ono.

Funso loyamba si lakuti timwe chiyani, koma ululuwu ndi wamtundu wanji. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi odwala amene amati, "mapazi akuyaka moto," kapena akumva dzanzi ndi kubayabaya ngati singano, makamaka usiku. Umenewu ndi ululu wa mitsempha. Umabwera chifukwa cha mowa wa zaka zambiri, matenda a shuga, HIV, mankhwala a TB otchedwa isoniazid, komanso ma ARV akale okhala ndi stavudine amene tinasiya kupereka. Panado ndi bulufeni sathandiza kwenikweni pa ululu wotere, n'chifukwa chake munthu amangoonjezera mapiritsi mpaka kukafika kwa ogulitsa tramadol mobisa. Chonsecho amitriptyline wochepa womwa pogona, amene amapezeka m'zipatala zathu zambiri, amathandiza anthu ambiri ndipo sabweretsa chibaba. Kungoti amafuna kudekha, chifukwa phindu lake limaoneka pakatha masabata angapo, ndipo poyamba amaumitsa kukamwa ndi kupatsa tulo. Amene ali pa isoniazid amafunikanso pyridoxine, pomwe amene anamwa mowa nthawi yaitali amafunika thiamine. Shuga nayenso ayezedwe.

Pa ululu wa msana, mawondo ndi nyamakazi, panado ndi wabwino kuyambira, koma ali ndi malire. Munthu wamkulu wathanzi asapyole mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku. Amene chiwindi chake chinavutika ndi mowa timamutsitsira, nthawi zambiri kufika pa theka la mlingo umenewo. Samalaninso ndi mankhwala a chimfine ogula pagolosale, ambiri mwa iwo ali kale ndi panado mkati. Bulufeni, diclofenac ndi indocid amachotsa kutupa, koma kuwamwa miyezi ndi miyezi kumayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, ndipo m'mimba mwa munthu amene ankamwa kachasu mumakhala mofooka kale. Chimbudzi chikada ngati phula, siyani mankhwalawo ndipo thamangirani kuchipatala.

Tsono za tramadol ndi codeine. Anthu amawaona ngati mankhwala opepuka chifukwa ndi timapiritsi kapena manyuchi a chifuwa. Achibale athu a ku Joni ndi ku Harare akudziwa mmene botolo la mankhwala a chifuwa a codeine lamalizira achinyamata, ndipo dziko la Nigeria linaletsa kupanga ndi kuitanitsa manyuchi amenewa mu 2018. Tramadol akachuluka amagwetsa munthu ngati wa khunyu, ndipo ngoziyi imakula akaphatikizidwa ndi amitriptyline. Ubongo umene unazolowera mowa sumachedwa kukonda zimenezi. Chimodzimodzi diazepam womwera tulo, ngakhalenso pregabalin amene ena amalembera ululu wa mitsempha. Pa ululu wokhalitsa womwe si wa khansa, mankhwala a gulu la morphine amathandiza pang'ono kuyerekeza ndi zimene amalanda, ndipo ine sindiwalembera munthu amene akuchira ku uchidakwa pokhapokha palibiretu njira ina.

Komabe ndisakunamizeni kuti ndi oletsedwa mpaka kalekale. Munthu akathyoka fupa, akachitidwa opaleshoni, akapsa ndi moto, kapena akadwala khansa, morphine ndi woyenera kwa iye monga kwa wina aliyense. Kumana wodwala khansa morphine wamadzi chifukwa kale anali chidakwa ndi nkhanza. Chofunika ndi dongosolo. Wolemba mankhwalawo akhale mmodzi. Aperekedwe a masiku ochepa, asungidwe ndi munthu wokhulupirika pakhomo, mkazi, mlongo kapena malume, ndipo tsiku losiya likambidwe tsiku loyamba lomwelo. Zonsezi zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Ndipo mbiri yanu ya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo ineneni musanalowe ku fiyeta, osati mutatuluka.

Ndikudziwa chifukwa chake ambiri amabisa. Ife tomwe ovala zoyera timawachititsa manyazi. Ndinamvapo mnzanga wa ntchito akunena wodwala ali pomwepo kuti, "awa angofuna jakisoni." Inenso pachiyambi pa ntchito yanga ndinabwezapo munthu ndi panado yekha chifukwa cha fungo la mowa, osamuyeza bwinobwino, ndipo mpaka lero zimandiwawa mumtima. Wodwala akanyozedwa kamodzi sabweranso, amapita kumsika.

Pali chinthu china choopsa chimene ndimafuna aliyense achimve. Munthu amene anasiya tramadol, pethidine kapena heroin kwa masabata angapo, thupi lake silingapirirenso mlingo wakale. Akaterereka n'kumwa monga ankamwera, kupuma kumatha kuima, makamaka akasakaniza ndi mowa kapena diazepam. Mukamupeza sakudzuka, akupuma motalikitsa, timadontho takuda ta pakati pa maso tachepa kwambiri, musadikire kuti kuche. Kuchipatala kuli jakisoni wa naloxone wobweza zimenezi. Nayenso womwa mowa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha, pakuti pa masiku 2 kapena 3 oyamba akhoza kukomoka ndi kuona zilubwelubwe. Ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku chipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba, amathandiza anthu pa nkhani za kusiya.

Mbali yaikulu ya chithandizo ilibe piritsi n'komwe. Kugona tsiku lonse kumaumitsa msana. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, mafizo, kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda, kugona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi, zonsezi zimatontholetsa mitsempha ija. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi lakuti tsiku limene munthu wapezako bwino amalima munda wonse, kenaka n'kugona masiku atatu. Gawani ntchito, pumani ululu usanakwere. Nkhawa za ngongole, mikangano ya m'banja ndi matenda a kukhumudwa zimakweza ululu, choncho nazonso ziuzidwe kwa dokotala kapena mlangizi.

Bambo wa kabaza uja tinagwirizana kuti tisamayeze kuchira ndi kutheratu kwa ululu, koma ndi maola amene wagona ndi maulendo amene wapalasa. Anayamba panado pa nthawi zoikika, amitriptyline usiku chifukwa ululu unkatsikira kumwendo ngati magetsi, ndi mafizo. Anasiya kunyamula matumba a chimanga n'kumangotenga anthu, anakwezanso chishalo cha njinga. Atabwera patatha mwezi msana unali ukupwetekabe, koma ankagona maola 6, ndipo anali atasintha njira yobwererera kunyumba kuti asamadutsenso pashabini paja.