Phale lakale la ku England: yambani ndi dongo, maonekedwe pambuyo

Akamafukula malo akale ku England, chimene chimatuluka chochuluka kuposa zonse ndi mapale. Matabwa ambiri anawola, nsalu zinatha, koma dongo lowotcha silivunda. Ndiye mapale ndi amene amauza ofukula zakale ngati dzenje linakwiriridwa m'nthawi ya anthu a Saxon, amene anakhazikika ku England Aroma atachoka, kapena patadutsa zaka 400. Ambiri amayesa kuti ntchitoyi imayamba ndi kuona mmene mphika unaumbidwira. Ayi ndithu. Mapale ambiri amakhala a pamimba pa mphika, opanda mlomo kapena chogwirira, kotero chotsala choti muwerenge ndi dongo lenilenilo.

Phale limatsukidwa ndi madzi ozizira ndi burashi yofewa, likauma amalemba nambala ya malo ndi ya dothi limene latulukamo. Mapale a m'zaka za 450 mpaka 650 safuna kukwecha. Miphika yake inaumbidwa pamanja n'kuwotchedwa pamoto wapoyera, motero ndi yofewa, ndipo burashi yolimba imafufuta zidindo zokongoletsera. Mwaye wa kunja ndi makoko a m'kati musawachotse, chifukwa ndi umboni wa zimene ankaphikamo.

Kenako mumabenthula kangodya ndi pulayasi kuti muone m'kati mwatsopano, pogwiritsa ntchito galasi lokulitsa ka 10 kapena maikulosikopu yokulitsa ka 20. Mukufuna kudziwa zimene zinasakanikirana ndi dongo: mchenga, zigoba za nkhono, miyala ya laimu, mapale osinja kapena mankhusu. Ukakhala mchenga, onani kukula kwake, kuchuluka kwake, komanso ngati ndi wobulungira kapena wa msongamsonga. Dontho la asidi wa hydrochloric wosungunula kufika pa 10 peresenti likachita thovu, ndiye kuti muli laimu kapena zigoba. Apa m'pamene ongoyamba kumene amasochera. M'nthaka ya asidi zigoba zimasungunuka n'kusiya timabowo, phale n'kupepuka, munthu n'kuliyesa mtundu watsopano. Yang'anani timabowoto: ta zigoba ndi tafulati ndi topyapyala, pamene ta mankhusu opserera pamoto ndi tatitali, ta mizeremizere.

Kum'mawa kwa England ndondomeko yake imadziwika bwino. Miphika yotchedwa Ipswich ware, ya cha m'ma 720 mpaka 850, ndi yotuwa, yochindikala, yomalizidwa pa thabwa lozungulira pang'onopang'ono ndi kuwotchedwa mu ng'anjo. Cha m'ma 850 panabwera gudumu loumbira lothamanga, ndipo mitundu itatu inafala. Thetford ware ndi yotuwa, yolimba, ya mchenga. St Neots ware ndi yofewa, yodzaza ndi zigoba, ndipo imaterera m'manja ngati sopo. Stamford ware ndi ya dongo loyera losalala, ndipo mitsuko yake ina anaipaka glaze (chopaka chonyezimira ngati galasi) ya mtovu, yachikasu kapena yobiriwira mopepuka, imene inali isanapangidweko ku England chichokereni Aroma. Cha m'ma 1150 oumba a ku Stamford anayamba kuthiramo mkuwa, glaze n'kukhala yobiriwira kwambiri, yamawangamawanga. Kaphale kamodzi kotero kangasinthe zaka za dzenje lonse.

Mayinawa asakupusitseni. Amachokera ku malo amene mtunduwo unadziwikira, monga mmene kwathu kuno timatchulira miphika yakale ya Nkope ndi ya Mawudzu. Miphika yofanana ndi ya ku Thetford inkaumbidwanso ku Norwich, ku Ipswich ndi ku Grimston, n'chifukwa chake malipoti osamala amalemba kuti Thetford-type, kutanthauza mtundu wonga wa ku Thetford. Kuti adziwe ng'anjo yake yeniyeni, amadula kachidutswa, kukamata pagalasi, kukapala mpaka katsale mamilimita 0.03, n'kuona timiyala take pa maikulosikopu ya akatswiri a miyala. Ndi ntchito yodula, choncho imachitika pa mapale ochepa osankhidwa. Msampha wina ndi wakuti phale lotuwa la Thetford limafanana ndi la Aroma, ndipo loumba pamanja la Saxon limafanana ndi la anthu amene analiko Aroma asanafike. Popanda mlomo kapena chidindo, katswiri woona mtima amangolemba kuti lingakhale la nthawi iyi kapena iyo.

Kuwerenga mapale kokha kumanamiza, chifukwa mphika wofewa umasweka tizidutswa tambiri kuposa wolimba. Choncho mtundu uliwonse amauwerenga, amauyeza pa sikelo m'magalamu, ndiponso amayeza milomo. Chidutswa cha mlomo amachiika pa pepala la mizere yozungulira kuti aone kukula kwa mphika ndi gawo la mlomo limene latsala. Ngati latsala gawo limodzi mwa magawo anayi amalemba 0.25, ndipo ziwerengerozi akaziphatikiza amatha kuyerekeza mitundu mwachilungamo.

Pa nkhani ya zaka, lamulo ndi lakuti phale latsopano kuposa onse ndi limene limalamula. Tiyerekeze kuti m'dzenje mwatuluka mapale 40 a Thetford ndi atatu a mtsuko wa glaze yobiriwira wa ku Grimston, umene unayamba kuumbidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Dzenjelo silingakhale kuti linakwiriridwa zakazo zisanafike, ngakhale a Thetford achuluke bwanji. Nthawi zambiri mudzapeza kuti mapale 40 aja ndi ang'onoang'ono, operepeseka m'mbali, chifukwa anagubuduzika m'dothi kwa zaka zambiri asanagwere m'dzenjemo. Komabe fufuzani ngati atatu aja sanalowe kudzera mu una wa mbewa kapena m'njira ya mizu.

Nanga zaka zimenezi zinadziwika bwanji? Za mitsuko ya m'zaka za m'ma 1100 mpaka 1400, zambiri zinachokera m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London, pa malo ngati Trig Lane ndi Billingsgate. Anthu ankamanga zipupa zamatabwa m'mphepete mwa mtsinje, kuseri kwake n'kuthirako zinyalala za mumzinda. Powerenga mizere ya kakulidwe ka mtengo m'matabwawo, zinadziwika nthawi imene mitengo inadulidwa, ndipo katswiri wa miphika yakale Alan Vince ndi anzake anagwiritsa ntchito zimenezi m'ma 1980 kusanja mitundu ya miphika ya ku London. Kutali ndi London zakazi muzizitenga mosamala, chifukwa mtundu umodzi sunkafika kapena kutha nthawi imodzi m'misika yonse.