Chiyambi cha Mkangano wa Ndalama za Masamu ku Britain

Mu Januwale 2020, boma la Boris Johnson linalonjeza kuwonjezera mapaundi 300 miliyoni, kwa zaka zisanu, ku thumba la kafukufuku ndi maphunziro apamwamba a masamu. Akatswiri a masamu anakondwa, chifukwa ndalama yotere anali asanaionepo. Pofika 2022 zinadziwika kuti mapaundi 124 miliyoni okha ndi amene anatuluka, ndipo 176 miliyoni otsalawo sadzabweranso. Mkwiyo umene unatsatira unali ndi mizu yakale, chifukwa boma ndi akatswiriwa akhala akulimbana pa funso limodzi kwa zaka zambiri: ndani ayenera kusankha masamu oyenera kulipiridwa ndi ndalama za msonkho?

Yankho lakale la Britain limatchedwa mfundo ya Haldane, potengera dzina la Lord Haldane amene anatsogolera lipoti la kayendetsedwe ka boma mu 1918. Mfundoyi imati boma linene kuchuluka kwa ndalama, koma kusankha kafukufuku woti athandizidwe kukhale m'manja mwa akatswiri okhaokha. Andale amaivomereza pakamwa. Chuma chikavuta, amayamba kufunsa kuti phindu lili kuti, ndipo funsoli limagwera kwambiri masamu aja amene munthu amawachita pofuna kungomvetsa, osadziwa ngati adzagwira ntchito ina iliyonse.

Mbiri ya masamu otere imachititsa manyazi aliyense wofuna kulosera phindu. Mu 1940, katswiri wa masamu G. H. Hardy wa ku yunivesite ya Cambridge analemba monyadira kuti palibe amene anapezapo ntchito ya nkhondo m'nthambi ya masamu yofufuza khalidwe la manambala. Patapita zaka 33, mu 1973, Clifford Cocks, mnyamata amene anali atangochoka ku yunivesite n'kulowa ntchito ku bungwe la ukazitape la GCHQ, anagwiritsa ntchito nthambi yomweyo popeza njira yatsopano yobisira uthenga. Chinsinsi chake chagona pa manambala amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni: kuchulukitsa awiri akuluakulu n'kosavuta, koma kuyambira pa yankho n'kupeza awiri oyambirirawo n'kovuta zedi. Boma linabisa ntchito ya Cocks mpaka 1997. Panthawiyo n'kuti akatswiri Rivest, Shamir ndi Adleman atapeza kale njira yomweyo ku America mu 1977, ndipo inadzakhala imodzi mwa mizati yotetezera malonda a pa intaneti. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti amene anaphunzitsa Cocks sankadziwa kuti akukonzera dziko chida chotere. Iwo ankangomuphunzitsa masamu ozama.

Ngakhale zinali choncho, mu 2011 bungwe la EPSRC, limene limagawa ndalama za boma za kafukufuku wa masamu ndi uinjiniya, linalengeza kuti thandizo la ofufuza achinyamata omaliza kumene digiri yapamwamba ya PhD ya masamu lizipita kwa ochita statistics (masamu osanthula ziwerengero) ndi masamu oyeza mwayi woti chinthu chichitike basi. Nthambi zina zonse zinatsekeredwa kunja.

Munthu wakunja angaone ngati ndi nkhani yaing'ono, koma apa ndi pamene masamu amasiyana ndi sayansi zina. Katswiri wa masamu safuna makina a mapaundi mamiliyoni kapena nyumba yoyeseramo mankhwala. Ndalama zake pafupifupi zonse zimagula nthawi ya munthu: zaka zitatu kapena zinayi za PhD, kenako zaka zina zochepa zoti akhwime asanapeze ntchito yokhazikika. Mukachotsa thandizo la zaka zimenezi, mwachotsa munthuyo. Amapita kunja kapena kukalowa ntchito ku banki, ndipo kawirikawiri sabwerera. Ili ngati nazale: mukasiya kuthirira chaka chino, kusowa kwa mitengo mudzakuona patapita zaka khumi, amene anatseka madzi atachoka kale pa udindo.

Akatswiri otchuka, ena mwa iwo olandira mphotho yapamwamba ya masamu ya Fields Medal, analembera nduna yaikulu David Cameron kalata yotsutsa ganizo la EPSRC m'chaka chomwecho cha 2011. Mu Meyi 2012, asayansi a nthambi zosiyanasiyana okwiya ndi kayendetsedwe ka EPSRC ananyamula bokosi la maliro kupita nalo ku Downing Street, kumene kuli ofesi ya nduna yaikulu, ponena kuti sayansi ya Britain ikuphedwa.

Kunena zoona, bungweli linali ndi pogwira. Akatswiri a statistics ankasowadi m'mayunivesite, pomwe zipatala, mafakitale ndi boma lenilenilo ankawafuna kwambiri. Wokhoma msonkho alinso ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yake ikupita. Cholakwika chinali kudyetsa nthambi imodzi polanda zinzake, ngati kuti nthambizi sizidyerana.

Kuchokera apo, akatswiri a masamu anayamba kulankhula chilankhulo cha ku unduna wa zachuma. Lipoti la kampani ya Deloitte la 2012 linati kafukufuku wa masamu anathandiza chuma cha dzikolo ndi mapaundi 208 biliyoni mu 2010, komanso ntchito za anthu 2.8 miliyoni. Mu 2018 panatulukanso lipoti la Philip Bond, lopempha boma kuwonjezera ndalama kwambiri. Ziwerengerozi zinathandiza kubweretsa lonjezo la 2020, koma ine ndimaona kuti zili ndi msampha wake. Ukavomera kuti masamu ayesedwe ndi phindu lowerengeka, ntchito ngati ya Hardy imagwa mayeso, chifukwa phindu lake limabwera mwini wake atamwalira.

Msamphawo unaonekera mu 2021, pamene yunivesite ya Leicester inaganiza zothetsa gulu lake lofufuza masamu ozama, n'kuika mtima pa nthambi zokhudza makompyuta ndi kusanthula ziwerengero. Anthu zikwizikwi anasaina chikalata chotsutsa, koma yunivesiteyo sinabwerere m'mbuyo. Chaka chomwecho kunabadwa gulu la Protect Pure Maths, mogwirizana ndi bungwe la akatswiri a masamu la London Mathematical Society, ndipo mapaundi 176 miliyoni aja atasowa, linali limodzi mwa magulu amene anapanikiza boma kuti lifotokoze chifukwa chake lonjezo silinakwaniritsidwe.